MBALE YA KIZAEMON NDI WOUMBA WOIWALIKA

Nkhani ya lero iri ya mbale imodzi yadothi. Mbaleyo isungidwa mu mzinda wa Kyoto m'dziko la Japan, m'kacisi wamng'ono wochedwa Koho-an, amene ali mbali imodzi ya kacisi wamkulu wa Daitoku-ji. Msinkhu wace ndi masentimita 9, ndipo pakamwa pace mpotambalala masentimita 15 ndi pang'ono; ndiko kunena kuti ilingana ndi mbale imene mai wa pamudzi apakuliramo ndiwo. Mtundu wace ngwacikasu cotumbuluka. Mkombero wace ngwokhota pang'ono, ndipo kunsi kwace utoto unakwinyika pa moto, nukhala timibulu ngati khungu la cule. Munthu ataiona pa msika wa ku Lizulu, wa ku Katete kapena wa ku Mbare, mwina sangaime n'komwe kuti afunse mtengo wace. Koma m'caka ca 1951 Boma la Japan linailemba m'kaundula wa zinthu zochedwa Cuma ca Dziko, zimene siziloledwa kugulitsidwa kunja. Dzina lace ndi Kizaemon. Dzinali si la munthu amene anaiumba ai, koma la wamalonda wina amene anali nayo. Dzina la woumbayo silinalembedwe pena pali ponse.

Kuti omvera amvetse m'mene mbale yotere inafikira pa ulemu wotere, kuyenera kuyamba ndi tiyi. Anthu a m'maiko atatu a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe tiyi amdziwa bwino. Alimidwa ku Mulanje, kumene Henry Brown anamdzala m'caka ca 1891, ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay. Alimidwanso ku Kawambwa ndi ku Chipinge. Ameneyo ndi tiyi wakuda, womwedwa ndi shuga ndi mkaka m'kapu yokhala ndi cogwirira. Tiyi wa pa mwambo wa ku Japan ngwosiyana. Mtengo wace ndi womwewo, koma alimi auikira mthunzi masabata angapo asanathyole masamba. Masambawo awafutsa ndi nthunzi kuti asade, monga amai afutsa nkhwani, nawaumitsa, nawapera pa mphero yamwala kufikira asanduka ufa wobiriwira, wosalala koposa ufa woyera. Ufawo dzina lace ndi matcha. Mwini nyumba atapa pang'ono ndi kasupuni ka nsungwi, nathira m'mbale, naonjeza madzi otentha, natakasa ndi katsache ka nsungwi kufikira pabwera thovu. Sathira shuga kapena mkaka, ndipo sasefa. Cifukwa cace tiyi wotere afuna mbale yotakata, yakuti katsache kayendemo, ndi yakuti munthu aifumbate ndi manja awiri. Mbale yotere anthu a ku Japan aicha chawan.

Mamwedwe awa anacokera ku China. Wansembe wa cipembedzo ca Buddha, dzina lace Eisai, anabwera nao pobwerera kwao ku Japan m'caka ca 1191, ndipo m'caka ca 1211 analemba buku lofotokoza ubwino wa tiyi pa thupi la munthu. Poyamba ansembe ndiwo anali kumwa, kuti asaodzere pa nthawi ya kusinkhasinkha. Pambuyo pace mafumu ndi akazembe a nkhondo anatengera mwambowo, nausandutsa mpikisano wa cuma. Mbale zimene iwo anazikhumba zinali za ku China, zakuda ndi zonyezimira, zoumbidwa m'cigawo ca Fujian, zimene ku Japan azicha tenmoku. Zina mwa izo ziri ndi mawanga owala ngati nyenyezi pa thambo la usiku. Zamphumphu za mtundu umenewo zatsala zitatu zokha pa dziko lonse lapansi, ndipo zonse zitatu ziri ku Japan. Kukhumba mbale za ku China sikunali kwa anthu a ku Japan okha. Okumba zakale anapeza mapale a mbale za ku China pa mabwinja a Great Zimbabwe, ndipo Dr. Yusuf Juwayeyi anapeza ena pa Mankhamba, likulu la Kalonga, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Kuno ndi uko komwe, cinthu cocokera kutali ndico cinali cizindikiro ca ukulu.

Koma m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 ku Japan kunauka aphunzitsi a tiyi amene anaganiza mwina. Anayamba ndi Murata Juko, amene anamwalira m'caka ca 1502. Anatsata Takeno Joo. Ndipo wopambana onse anali Sen no Rikyu, mwana wa wamalonda, wobadwira ku doko la Sakai m'caka ca 1522. Ciphunzitso cao acicha wabi. Tanthauzo lace ndi lakuti kukongola kweni kweni kupezeka m'cinthu cofatsa, cosadzionetsa, cosalongosoka kweni kweni. Ku Yamazaki, pafupi ndi Kyoto, kukali kanyumba ka tiyi kochedwa Tai-an, kamene mbiri inena kuti anakamanga ndi Rikyu. Pansi pace pakwana mphasa ziwiri zokha, makoma ace ngadothi, ndipo khomo lace nlaling'ono kotero kuti mlendo, ngakhale akhale mfumu, alowa cokwawa, atasiya lupanga lace panja. Mbuye wace wa Rikyu, Toyotomi Hideyoshi, amene analamulira dziko lonse la Japan, anali ndi cipinda cace ca tiyi cokutidwa ndi golidi. Anthu awiriwa anayenda pamodzi zaka zingapo, koma m'caka ca 1591 Hideyoshi anamkwiyira Rikyu, namlamula kuti adziphe. Umodzi mwa milandu imene anamneneza nayo unali wakuti agulitsa ziwiya za tiyi pa mtengo wopitirira.

Aphunzitsi a wabi ndiwo anayamba kuyang'anitsitsa mbale za ku Korea, dziko la tsidya lina la nyanja. Mbalezo sizinaumbidwire tiyi ai. Oumba a kumidzi anaziumba zambirimbiri pa gudumu loumbira, mofulumira, ndi dongo la pafupi ndi kwao, nazisanjikiza m'ng'anjo ina pamwamba pa inzace. Cifukwa cace mkati mwa zambiri muoneka zipsera za pamene inzace inakhala, ndipo m'mbali mwace muoneka mizere ya zala za woumba. Anthu ena ophunzira anena kuti zinali mbale zodyeramo mpunga. Ena anena kuti zinali zoperekera nsembe kwa makolo. Aphunzitsi a tiyi anasankha zina mwa izo, naona kuti zikhala bwino m'manja, kuti sizitentha zala, ndi kuti ubiriwiri wa tiyi uoneka bwino pa mtundu wao wotumbuluka. Mtundu umene anaukonda koposa anaucha Ido, ndipo mbale ya Kizaemon ndiyo yochuka kopambana mwa mbale zonse za Ido. Inaumbidwa ku Korea m'zaka za m'ma 1500.

Rikyu sanakhutire ndi kusankha mbale zopangidwa kale. Anapita kwa mmisiri wina wa ku Kyoto, dzina lace Chojiro, amene mbiri inena kuti anali woumba mapale ofolera denga, namuuza mbale imene anaifuna. Apa omvera a kumidzi achere khutu, pakuti maumbidwe a Chojiro sadzakhala acilendo kwa iwo. Iye sanagwiritse nchito gudumu. Anatenga cibulumwa ca dongo, naciphwatalitsa, nacikweza pang'ono pang'ono ndi zikhato ziwiri kufikira cikhala mbale. Itauma pang'ono anaipala ndi kampeni, mkati ndi kunja, kuti ipepuke. Mbale zace zinali za mitundu iwiri, zofiira ndi zakuda. Mbale yakuda ya mtundu uwu aipaka utoto wa mwala wopera wotengedwa ku mtsinje wa Kamo, naiocha yokha m'kang'anjo ka makala, naiturutsa ndi mbaniro zacitsulo ikali yofiira ndi moto. Popeza siipsa nthawi yaitali, dongo lace likhala lofewa, losatentha manja. Chojiro anamwalira m'caka ca 1589, ndipo mbale za mtundu wace zinachedwa Raku. Banja la Raku liumbabe ku Kyoto kufikira lero, ndipo m'caka ca 2019 udindo wa mutu wa banjalo unafika pa mbadwo wa 16.

Kodi mbale yotere aigwiritsa nchito bwanji? Mwini nyumba aitana alendo owerengeka, kawirikawiri osapitirira asanu. Asankha mbale molingana ndi nyengo: pa nyengo yotentha atenga yosaya ndi yotambalala kuti tiyi azizire msanga, pa nyengo yozizira atenga yakuya kuti isunge kutentha. Mbale iri yonse iri ndi mbali imene aiyesa nkhope yace. Mwini nyumba alozetsa nkhopeyo kwa mlendo, ndipo mlendo, podzicepetsa, aitembenuza pang'ono kuti asamwere pa nkhope. Pamene tiyi ali wolimba ngati phala, alendo onse amwera m'mbale imodzi, yense napukuta pamene anamwera asanapatsire mnzace, monga momwe cipanda ca thobwa ciyendera pa bwalo. Atatha kumwa, mlendo awerama, natsamiritsa zigongono pa maondo kuti mbale ikhale pafupi ndi mphasa, naiyang'ana mkati, m'mbali ndi kunsi, nafunsa dzina lace ndi kumene inacokera. Eni mwambowo aphunzitsa kuti kukomana kuli konse kucitika kamodzi kokha, ndipo sikudzabwerezeka cimodzimodzi. Akuluakulu a kuno ananena comweco m'mau ena pamene anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka.

Mbale yokondedwa ikasweka saitaya. Mmisiri alumikiza mapale ace ndi utomoni wa mtengo wochedwa urushi, nawaza fumbi la golidi pa mng'alu, kotero kuti cipsera cioneka poyera. Luso limeneli alicha kintsugi. Mbale yotere ipatsidwa dzina, isungidwa m'kathumba ka nsalu yabwino ndi m'bokosi lamatabwa, ndipo pa bokosipo palembedwa maina a anthu omveka amene anali nayo.

Pamenepa nkhani iri ndi mbali yace yacisoni, imene siyenera kubisidwa. Cinthu cimene cinayamba ngati kukana cuma cinasanduka cuma ico comwe. Mbale ya Ido ija inatenga dzina la Takeda Kizaemon, wamalonda wa ku Osaka wa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600. Inayenda m'manja ambiri, ndipo panabuka mbiri yakuti ali yense wokhala nayo aturuka zithupsa. Ngakhale zinali tero, Matsudaira Fumai, mfumu ya ku Matsue, anaigula ndi ndalama zagolidi 550 zochedwa ryo. Nthano inena kuti iyenso anadwala zithupsa, koma anakana kuileka. Ndipo pamene mwana wace anadwala momwemo, iye atamwalira, mkazi wace wamasiye anaipereka ku kacisi wa Koho-an m'caka ca 1822. M'ndalama zonsezo, palibe ndi imodzi yomwe inafika kwa woumba kapena kwa ana ace.

Coipa coposa ici cinacitika pakati pa 1592 ndi 1598, pamene Hideyoshi anatumiza ankhondo ace kawiri kukathira nkhondo dziko la Korea. Anthu ambiri anafa, midzi inapserezedwa, ndipo pobwerera akazembe anatenga amisiri ambiri, pakati pao oumba, nawakhazika m'maiko ao ku Japan. Ng'anjo zochuka za ku Hagi ndi ku Satsuma zinayambidwa ndi oumba a ku Korea amenewa, ndipo ku Arita akumbukira Yi Sam-pyeong kuti ndiye anapeza mwala woyera woumbira mbale zonyezimira m'caka ca 1616. Omwa tiyi ali ndi cizolowezi ca kunena kuti mbale yoyamba ndi Raku, yaciwiri Hagi, yacitatu Karatsu. Ndipo ziwiri zomarizazo luso lace linacokera ku Korea. Mwa mbale za tiyi 8 zimene ziri m'kaundula wa Cuma ca Dziko, 5 nza ku China, imodzi ndi ya Kizaemon ya ku Korea, ndipo ziwiri zokha ndizo zinaumbidwa ku Japan.

M'caka ca 1931 munthu wina wophunzira, Yanagi Soetsu, analoledwa kuona mbale ya Kizaemon. Anadikira nthawi yaitali tsiku limenelo. Atatsegula mabokosi olowetsana ndi kumasula nsalu, iye anadabwa poona kuti ndi mbale wamba, yopanda cokometsera ciri conse; ndipo analemba kuti ubwino wace wonse uli m'cimeneco, pakuti woumbayo sanali kufuna kuchuka, koma anali kungogwira nchito imene manja ace anaizolowera. Yanagi ndi anzace anayambitsa gulu lolemekeza nchito za manja za anthu wamba, lochedwa mingei, ndipo m'caka ca 1936 anatsegula nyumba yosungiramo zinthu zotere ku Tokyo.

Maganizo amenewa anafika ndi ku Africa komwe. Mnzace wa Yanagi, Mngelezi wochedwa Bernard Leach, anabwerera kwao m'caka ca 1920 pamodzi ndi woumba wa ku Japan, Hamada Shoji, namanga ng'anjo ku St Ives. Wophunzira wao Michael Cardew anaphunzitsa oumba ambiri. Mmodzi wa iwo anali Esias Bosch wa ku South Africa, amene anabwerera kwao m'caka ca 1952, naumba ku Durban ndi ku Pretoria asanakhazikike ku White River. Cardew mwini anapita ku Nigeria, natsegula sukulu ya oumba ku Abuja. Kumeneko anaona mitsuko ya mai wina wa kumudzi, Ladi Kwali, amene anaphunzira kuumba ndi manja kwa akazi a pabanja pace. Maiyo analowa pa sukuluyo m'caka ca 1954, mitsuko yace inaonetsedwa ku London, ndipo cithunzi cace cinaikidwa pa ndalama ya pepala ya 20 naira. Kusiyana kwa iye ndi woumba wa mbale ya Kizaemon ndi uku: nchito ya onse awiri inalemekezedwa, koma Ladi Kwali analemekezedwa pamodzi ndi nchito yace, akali moyo, ndi dzina lace lomwe.

Tsono nkhani ibwerere kumudzi. Luso la kuumba m'maiko ano si la dzulo. Mapale a mtundu wa Nkope, ochedwa ndi dzina la malo a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, aonetsa kuti anthu akhala akuumba kuno zaka zoposa 1,500. Mai woumba adziwa dambo limene liri ndi dongo labwino. Alikumba, nalinyowetsa, nalisinja, nacotsamo timiyala ndi timizu. Aumba ndi manja okha, monga Chojiro, nasalaza ndi citsononkho ca cimanga, nakulungiza ndi kamwala kosalala, naceka mizere pa khosi. Aumitsa pa mthunzi masiku angapo, pakuti dzuwa ling'amba dongo laliwisi, ndipo aocha pa bwalo ndi makungwa ndi nkhuni zouma. Mawanga akuda ndi ofiira amene moto usiya pa mtsuko ali a mtundu womwewo umene aphunzitsi a tiyi anali kuuyang'anitsitsa ndi kuukambirana. Ciwiya ciri conse ciri ndi dzina ndi nchito yace: nkhali ya nsima, mphika wa ndiwo, mtsuko wa madzi, mbiya ya mowa, mkhate wosambira. Madzi a mu mtsuko azizira okha, cifukwa dongo lituruka thukuta ndipo mphepo iliumitsa; nyemba za mu mphika zipsa mofatsa, osapserera msanga.

Koma ali yense woyenda m'midzi aona kuti ndowa za pulasitiki ndi mapoto acitsulo zalowa m'malo mwa ziwiya zadothi. Palibe wonena kuti zinthu zimenezi nzoipa: ndowa njopepuka pa mutu, ndipo poto sasweka akagwa. Cobvuta ndi cakuti oumba ambiri ndi amai okalamba, ndipo mtsikana saona cifukwa ca kuphunzira nchito ya masiku ambiri imene wogula ainyoza pa msika, nafuna kulipira mtengo wa mulu wa tomato. Luso lotere silisungidwa m'buku. Likhala m'manja, ndipo mai mmodzi akamwalira asanaphunzitse wina, zimene amai ace ndi agogo ace anazidziwa za dongo la dambo limenelo zipita naye.

Cimene anthu a ku Japan anacita bwino cinali kuyang'ana. Anatenga mbale wamba m'manja awiri, naitembenuza, nafunsa cifukwa cace ikhala bwino. Cimene cinalakwika cinali kuiwala munthu amene anaiumba. Omvera angathe kutengera coyambaco ndi kupewa caciwirico, ndipo sipafunika golidi kapena bokosi. Wogula mtsuko augogode ndi cala kuti amve kulira kwace, ayang'ane khosi ndi mizere yace, ndipo afunse dzina la woumba ndi mudzi wace, kuti mtsukowo uzichedwa ndi dzina la mwini luso. Alipire mtengo wolingana ndi masiku amene nchitoyo inatenga. Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi aitane mai woumba kuti aonetse ana, ndipo amlandire ndi ulemu woyenera mphunzitsi mnzace. Mfumu ya mudzi iteteze malo okumbapo dongo pamene igawa minda. Ndipo mlendo akafika nthawi ya dzuwa, apatsidwe madzi a mu mtsuko, nauzidwe amene anauumba. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Nkhani ya lero yathera pamenepa.